Msonkhano wa pa Mauna a Mfuko

Kalekale, nyama zikadalankhula ngati inu ndi ine, kunali thengo lalikulu la udzu wautali ndi mitengo ya masuku. Senderani kufupi, ndipo ngati mukundimva nenani kuti tili tonse. Eya, tsono ndipitirize.

M'thengomo munkakhala Mfuko. Mfuko mukumudziwa, kanyama kaja kofukula dothi m'munda wa chinangwa, ka mano panja, ka maso ngati njere za mpiru. Masowo sankamuthandiza kwenikweni. Koma makutu! Nyerere ikapunthwa pamwamba, iye pansi ankamva.

Mfuko ankakonda kukumba. Anakumba njira yopita kuphiri. Anakumba njira yopita kumtsinje. Anakumba yopita kuthanthwe, yopita kuchulu, ndi ina yaitali imene iye mwini anaiwala kumene inkatulukira. Njira zonsezi zinkakumana m'chipinda chake chogona. Ndipo panali chodabwitsa. Wina akaika pakamwa pa una umodzi n'kulankhula, mawu ake ankayenda pansi pa nthaka mpaka kukatuluka pa mauna ena onse. Ana ankachita nazo masewera. Akuluakulu sankalabadako, chifukwa iwo akafuna kukambirana ankakumana pamthunzi, maso ndi maso.

M'thengo lomwelo munali Mbawala, ndipo anali ndi mwana mmodzi woyamwa. Mwanayo anabadwa m'mawa udzu uli wonyowa, choncho anamutcha Kamame.

Chaka china chilimwe chinafika ndi ukali. Udzu unauma gwaa. Tsiku lina chakumadzulo moto unabuka, ndipo palibe anadziwa kumene unachokera. Mphepo inaunyamula. Nyama zinabalalika, aliyense kwake. Nyani anathawira kuphiri. Nungu analowa ndi ana ake m'phanga la pansi pa thanthwe. Mbawala anathamanga, anathamanga, mpaka anafika pamchenga wa mtsinje wouma. Atacheuka anapeza kuti m'mbuyo mulibe mwana. Munali utsi wokhawokha.

Kamame anasochera mu utsimo. Anaponda chikuni chamoto, nagwa, nayamba kutsokomola. Amene anamupeza anali Ngaka. Ngaka ndi nyama ija ya mamba, yoyenda chowerama, imene ikachita manyazi imadzipinda ngati nkhata. Ngaka sanafunse kuti ndiwe mwana wa yani. Anangomukankha ndi mphuno, kumukankha, kumukankha, mpaka anamulowetsa m'dzenje lakale pansi pa mtengo wa mlambe. Kenaka iye anakhala pakhomo pa dzenjelo, msana kunja. Moto unadutsa. Unamuwaula mamba, koma mwana sunamukhudze.

Tsono kumapeto kwa dzenje limenelo n'kumene kunkatulukira njira yaitali ija Mfuko anaiiwala.

Kutacha, thengo lonse linali lupsa lokhalokha. Phulusa linali lotentha, zitsa zikufuka. Mbalame zinali zitathawa utsi. Mbawala anayesa kulowa m'phulusamo, miyendo inapsa, anabwerera. Anayesanso, anabwerera. Anagona pamchenga nayamba kulira, ndipo pafupi ndi mutu wake panali una wa Mfuko.

"Odi pamwambapo," anatero Mfuko ali pansi. "Akulirawa ndani?"

"Ndine, a Mfuko. Amake Kamame."

"Mwana ali kuti?"

"Ndikanadziwa ndikanagona pano? Sanayamwe chidzulo. Thengoli n'lalikulu, ndipo sindikudziwa koyambira."

Mfuko anakanda mutu. Iye sanali wolankhula pagulu. Pamisonkhano ya pamthunzi ankangotulutsa mphuno n'kubwerera. Koma kulira kwa Mbawala kunamulasa mtima.

"Ikani khutu pa unapo," anatero. "Ndiitana onse. Mwina pali amene wamuona."

Anathamangira m'chipinda chake, pamphambano pa njira zonse, nafuula: "Odi! Odi kumauna konse! Aliyense amene ali moyo asendere pa una!"

Nyani anamva kuphiri. Nungu anamva kuthanthwe. Ngaka anamva m'dzenje la pamlambe. Tinyama tina timene tinabisala apa ndi apo tinamvanso.

Panalinso wina amene anamva. Ameneyo anali Fisi. Iye anachokera kutali, kutsata fungo la zopsa, chifukwa mapazi ake ndi olimba ngati chikopa cha ng'oma ndipo phulusa sankaliopa. Anali akupuma pachulu pamene anamva nthaka ikulankhula. Anagona chafufumimba, naika khutu pa una, osanena kanthu.

Mfuko anati, "Ndakuitanani chifukwa..."

Sanamalize.

"Masuku anga onse apsa!"

"Ine mchira wawauka!"

"Anayatsa motowu ndani? Ndikufuna ndimudziwe lero lomwe!"

"Kodi mukundimva? Mukundimva? Ine sindikukumvani!"

"Tikukumvani!"

"Ndati mukundimva kodi?"

Mawu onsewa anakumana m'chipinda cha Mfuko, nasakanikirana, nabwerera kumauna ali phokoso lokhalokha. Mbawala anafuula kuti, "Mwana wanga, anzanga, mwana wanga!" Koma mawu ake anamira.

Kumlambe kuja Ngaka anasendera pa una. Ngaka sathamanga polankhula. Amayamba wameza malovu, n'kupuma, n'kusankha mawu. Anameza malovu. Anapuma.

"Pepani," anatero ndi timawu take tating'ono. "Mwana ali..."

"Takhalani chete inu!" wina anakuwa.

Wokuwayo ankanena mnzake wina. Koma pa una suona nkhope, ndiye Ngaka anayesa akunena iye. Anadzipinda ngati nkhata.

"Akundiuza kuti ndikhale chete ndani?" anakalipa Nyani. "Atchule dzina!"

"Si inu ayi!"

"Nanga ndani?"

"Kodi akufunsawa ndani?"

Anakangana, anakangana, osadziwa n'komwe kuti akukangana ndi yani. Pomaliza anatopa, nachoka mmodzimmodzi.

M'dzenje muja Kamame anadzutsa mutu. "Azakhali, ndamva ngati mawu a amayi."

"Ndi iwo, mwanawe."

"Mwawauza kuti ndili kuno?"

Ngaka anadziwongola pang'onopang'ono. "Ndinayesa. Ndiwauzanso."

Anakumba pakhoma la dzenje mpaka anapeza muzu wamadzi. Anaukanda ndi zikhadabo, nadontheza madziwo m'kamwa mwa mwana. Koma madzi a muzu si mkaka.

Dzuwa litafika pamutu, Mfuko anaitananso. "Odi kumauna konse! Ulendo uno tilankhule mmodzimmodzi, chonde."

"Zoona zimenezo," anatero Nyani. "Ndiyambe ine."

Ndipo anayamba. Anayambira pa moto umene unabuka agogo ake ali anyamata. Anafotokoza kumene unachokera ndi kumene unathera. Anapita pa moto wa nthawi ya bambo ake. Anatchula mitengo imene inapsa, umodziumodzi. Mfuko ankati akatsegula pakamwa, Nyani ankati, "Ndisanaiwale," n'kuyamba ina.

Kuthanthwe kuja Nungu anamva njala. Anakoka muzu wouma, nakhala pa una pomwepo, nayamba kukukuta. Kukutu, kukutu, kukutu! Ana ake anayamba kulimbirana makoko. Iye anawakalipira, nagwedeza minga yake. Wayawaya, wayawaya! Iye ankayesa zonsezi zikuthera m'phanga mwake momwemo. Sankadziwa kuti zikuyenda m'njira zonse za Mfuko, ndipo zikamayenda zikukula.

Zitafika kumlambe zinamveka ngati udzu ukuthetheka. Kamame anadzidzimuka.

"Moto, azakhali! Moto wabweranso!"

Anayesa kuthamangira kunja ndi mwendo wake wopsawo. Ngaka anali atameza kale malovu, atasankha kale mawu oti anene. Anawasiya. Anabweza mwana, nadzipinda pa una uja, nautseka ndi thupi lake lonse kuti phokoso lisalowe.

"Si moto, mwanawe. Ndi akuluakulu akukambirana. Gona."

Nthawi yomweyo Nungu anacheukira ana ake, pakamwa pali pa una, nati, "Anyaniwa akayamba satha. Tikalamba tili pompano."

Thengo lonse linamva.

"Ooo!" anatero Nyani. "Kani ndi mmene mumandinenera? Tsalani nawo msonkhano wanuwo." Anachoka.

Nungu anachita manyazi, nalowa mkati mwa phanga osatsanzika. Enanso anachoka mwakachetechete. Kunati zii.

Mbawala atamva kuti kuli zii anayesa nthawi yake yakwana. Anaika pakamwa pa una.

"Anzanga, zikomo pondipatsa mpata. Ndikufuna mwana wanga. Ali ndi mawanga oyera m'nthiti. Khutu lakumanzere limagwa akatopa. Akachita mantha salira, amangogona phee. Ndinamuphunzitsa zimenezo ndine, kuti adani asamamuone. Ndiye mwina mwamudutsa osadziwa. Ngati mwamuona ali moyo, ndiuzeni. Ngati mwamuona ali mwina, ndiuzenibe, musandibisire. Ndikagone pafupi naye."

Anadikira.

"Mwamva nonse?"

Mfuko ankafuna kunama, koma bodza linamukanika.

"Amake Kamame," anatero motsitsa, "ndatsala ndine ndekha."

Mfuko anangomva mchenga ukulira pamene Mbawala anagoneka mutu pansi.

Mfuko anakhala pamphambano paja akuganiza. M'mawa muja, mkati mwa phokoso, khutu lake linatola timawu tating'ono totchula mwana. Sanadziwe kuti n'ta yani. Sanadziwe njira imene tinadzera. Koma anatimva ndithu.

Ananyamuka. Anathamanga pansi pa nthaka mpaka kuthanthwe, natulutsa mphuno m'phanga la Nungu.

"Mayi, sindinabwere kudzakudzudzulani. Ndabwera kudzakuuzani zimene simunamve."

Anabwereza mawu a Mbawala monga anawanenera mwini wake. Mawanga a m'nthiti. Khutu logwa. Mwana wosalira. Nungu anasiya kutafuna. Anayang'ana ana ake, onse ali pomwepo, onse okhuta.

"Ndiye analankhula yekha?"

"Yekha."

"Ine ndikukukuta muzu." Nungu anapukusa mutu. Anayang'ana uku ndi uku, nakoka mwala waphanthiphanthi. "Uwu ndiziika pa una. Ndizichotsa pokhapokha ndikafuna kunena kanthu. Khutu ndiziika pambali pake, ndimva ndithu."

Mfuko anathamanganso mpaka kuphiri. Anapeza Nyani atakhala pamwala, atafulatira una.

"A Nyani."

"Ndilibe mawu. Paja ine ndikayamba sinditha."

Mfuko sanatsutse. Anangobwereza mawu a Mbawala. Atafika poti "ndikagone pafupi naye," Nyani anatembenuka. Maso ake anali atafiira.

"Bwanji sananene?"

"Ananena, a Nyani. M'mawa ananena. Masana anadikira kuti inu mumalize."

Nyani anayang'ana manja ake kwa nthawi yaitali.

"Itananinso," anatero. "Aliyense azitchula dzina asanalankhule, tizidziwa kuti ndi ndani. Ndipo ine mukamva ndikutchula agogo anga, mundidule. Sindikwiya."

Dzuwa litapendeka, Mfuko anabwerera pamphambano ali wefuwefu, naitana kachitatu.

"Odi kumauna konse! Ndine Mfuko. Ndikutchula njira imodziimodzi. Amene ali kumeneko anene dzina, kenaka atseke una wake. Wolankhula akhale mmodzi, una wotsegula ukhale umodzi. Kumtsinje?"

"Ndine Mbawala." Mawu ake anali otopa.

"Kuphiri?"

"Ndine Nyani. Ndamaliza."

"Kuthanthwe?"

"Ndine Nungu. Pepani nonse pa za masana. Makamaka inu, a Nyani."

"Ndine Nyani. Zatha, mayi."

Tinyama tina tinatchulanso maina, ndipo wina anatseka ndi tsamba, wina ndi mwala, wina ndi dzanja. Pansi pa nthaka panati zii, bata limene Mfuko anali asanalimvepo tsiku lonselo.

"Nanga kunjira yaitali," anatero Mfuko, "imene ine mwini sindikumbuka kumene imathera, kuli wina?"

Anadikira. Palibe anadula. Anadikirabe.

"Ndi... ndine Ngaka. Pepani. Ndili ndi..."

"Taimani kaye, a Ngaka."

Ngaka anatsala pang'ono kudzipinda. Koma Mfuko anafulumira kunena kuti, "Simunalakwe. Mawu anu ndikuwafuna. Asungeni pang'ono chabe."

Mu bata lija khutu la Mfuko linali litamva kanthu. Kunjira yakuchulu kunali una wosatseka, ndipo kunkachokera mpweya. Fuu, fuu, fuu. Mpweya wolemera, wa chifuwa chachikulu.

"Kuchulu kuli ndani?"

Zii.

"Kuchulu, tikukumvani mukupuma. Pamsonkhano pano sitibisala. Ndinu ndani?"

Fisi anaona kuti wagwidwa. Anafinya mphuno ndi phazi, nachepetsa mawu.

"Ndine Gwape, msuweni wawo wa a Mbawala. Ndamva za mwana, mtima ukundipweteka. Tangondiuzani kumene ali, ndikamutenge ine. Ndimathamanga."

Asanatseke pakamwa, m'mimba mwake munalira. Guuu! Kulirako kunayenda m'njira zonse. Aliyense anadziwa kuti mimba ya gwape, yodya masamba, silira choncho.

Kuthanthwe mwala unasuntha.

"Ndine Nungu. A Gwape, musadandaule. Mwana ali kuno kwanga, m'phanga la pansi pa thanthwe. Wanenepa bwino. Bwerani. Khomo n'lopapatiza, ndiye mukafika mungolowetsa mutu."

Mbawala anadzuka pamchenga. Iye za mimba sanazilabadire, anangomva zoti mwana ali kuthanthwe. "Kamame! Ndikubwera!"

"Amake Kamame," anatero Mfuko, "msonkhano sunathe. Musachoke."

"A Mfuko, mwana wanga..."

"Ndikudziwa. Tsiku lonseli mwadikira anthu osakumverani. Tsopano dikirani ine pang'ono. Chonde."

Mtima wa Mbawala unali utafika kale kuthanthwe. Koma amene ankamupemphayo anali yekha uja anatsala masana. Anagwada pansi, nabwezera khutu pa una.

Ndipo onse anamva. Kuchulu kuja mlendo ananyamuka osatsanzika, una ali chiusiyire pululu. Anamva mapazi olemera, di, di, di, osati tiziboda ta gwape. Anamvanso kuseka kumene kunamupulumuka akuthamanga: hii, hii, hii, huwii!

Mapazi aja atazimirira, Nungu anati, "Ndine Nungu. Amake Kamame, ndikhululukireni. Ndanama. Kuno kulibe mwana wanu. Kuli minga yokha, ndipo woti imulase akubwera. Ndikupempha kuchoka, ndikalandire mlendo."

"Pitani bwino, mayi," anatero Mfuko.

Mbawala anatulutsa mpweya wautali. Chimwemwe chimene anachigwira kanthawi kochepa chija chinamuchoka, ndipo anamva kuzizira ngakhale kunali kotentha.

"Ndiye palibe amene wamuona," anatero.

"Pali mmodzi amene sanamalize mawu ake," anayankha Mfuko. "A Ngaka, thengo lonse lakhala chete chifukwa cha inu. Musafulumire. Tikumva."

Ngaka anameza malovu. Anapuma. Kuphiri kuja Nyani anadzigwira pakamwa ndi manja onse awiri.

"Ndine Ngaka. Mwana... ali kuno. Ali ndi mawanga m'nthiti. Khutu limodzi lagwa. Wapsa mwendo pang'ono. Ali moyo. Tili m'dzenje pansi pa mlambe, pamene mtsinje umakhota. Ndinayesa kunena m'mawa. Pepani kuti ndachedwa."

Kumtsinje kunamveka phokoso limene silinali kulira, silinalinso kuseka.

"A Ngaka," anatero Mbawala, "ndimumve. Ndimumve kaye, ndisanayambe kuthamanga."

"Wafooka. Sakudzutsa mutu. Ndamuitana, sakuyankha."

"Musendezeni khutu pa una."

Ngaka anakankha mutu wa mwana pang'onopang'ono mpaka khutu linafika pa una. Ndipo Mbawala anayamba kuimba, ndi mawu osasa a mayi amene walira tsiku lonse:

Kamame, Kamame, uli kuti?
Udzu wapsa, njira yapsa,
Bere la amako silinapse.
Kamame, Kamame, dzuka.

Anaimba kamodzi. Kunali zii. Anaimbanso. Kuphiri Nyani misozi inali chuu, koma sanachotse dzanja pakamwa. Tinyama tonse tinali chete pa mauna awo. Anaimba kachitatu, ndipo atafika poti "dzuka," kunjira yaitali kunachokera kamawu kowonda ngati ulusi.

"Amayi?"

"Ndine, mwanangu."

"Ndinagona phee, monga munanenera."

"Wachita bwino. Gonabe choncho. Ndikubwera." Anadzuka, kenaka anawerama kachiwiri pa una. "Ndine Mbawala. Zikomo nonse. Ndikupempha kuchoka."

"Thamangani!" anafuula onse pamodzi, ndipo ulendo umenewo Mfuko sanadzudzule aliyense.

Mbawala anatsata mchenga wa mtsinje. Phulusa linali litayamba kuzizira. Atafika pamene mtsinje umakhota anaona mlambe, ndipo pansi pake anaona chinthu chakuda chitatseka dzenje. Chinali msana wa Ngaka. Ngaka anasuntha, Kamame anatuluka chotsimphina, nalowa pansi pa mimba ya amake. Anayamwa, anayamwa, kamchira kakugwedera.

Mwana ali pa bere, Mbawala anayang'anitsitsa msana uja. Mamba anali owauka, ena opindika m'mphepete.

"A Ngaka, moto unadutsa pa inu?"

"Pang'ono chabe."

Mbawala anaweramitsa khosi nayamba kunyambita mambawo, limodzilimodzi, monga ankanyambitira mwana wake. Ngaka anachita manyazi, nadzipinda. Mbawala sanasiye. Ananyambitabe nkhatayo mpaka inawongoka yokha.

Nanga Fisi? Fisi anafika kuthanthwe malovu ali chuchuchu. Anaona khomo lopapatiza, nalowetsa mutu monga anauzidwira. Mkatimo Nungu anali atafulatira, minga ili njoo. Anangobwerera m'mbuyo kamodzi. Fisi anatuluka mphuno itasanduka tsache, ndipo kulira kwake kunamveka thengo lonse popanda una.

M'mawa mwake nyama zinakumananso pa mauna kuti zimve za mwendo wa Kamame. Aliyense anatchula dzina. Atamaliza onse, kuchulu kunamveka kukhosomola.

"Ndine... ndine Fisi. Ndingalankhule?"

Kunati zii.

"Lankhulani," anatero Mfuko.

"Minga ili m'mphuno, ina m'milomo. Sindikutha kumwa madzi. Ndayesa kuzula ndi mapazi, ikungolowa. Dzulo ndinabisala ndiponso ndinanama. Sindikukana. Ndamaliza."

"Ndine Nungu. Amwe ndi makutu."

"Ndine Nyani. Zala zozulira ndili nazo. Koma mlanduwu si wanga. Mwini wake alipo."

Onse anadikira Mbawala. Iye anali kumlambe, Kamame atagona atatsamira mwendo wake. Palibe anamufulumiza.

"Ndine Mbawala," anatero pomaliza. "Dzulo ndinamva mmene zimawawira kuitana popanda wokuyankha. Sindikufunira wina aliyense zimenezo, ngakhale iyeyu. Muzuleni, a Nyani. Akamwa madzi abwerere kwawo."

Nyani anapita kuchulu. Koma sanatsike pansi ayi. Anakwera chitsa cha mtengo umene sunapse wonse, nalendewera ndi miyendo, nauza Fisi kuti aimike mphuno m'mwamba ndi kutsinzina. Anazula munga umodzi, Fisi anati mayo. Anazula wina, Fisi anati mayo. Ndipo popeza wodwalayo sakanatha kuthawa kapena kudula mawu, Nyani anamufotokozera za moto wa nthawi ya agogo ake, kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto.

Tsono inu amene mukundimvera, masiku ano mauna a Mfuko mumayenda nawo m'thumba, mumati foni. Mumakumana ambiri, wina ali kumunda, wina kutauni, wina kunja kwa dziko, osaonana nkhope. Mukakumana choncho, tchulani dzina musanalankhule, ndipo musamvetsere mobisala. Ngati si nthawi yanu, tsekani una wanu, anzanu asamve mukutafuna. Nenani zanu mwachidule, ndipo pochoka tsanzikani. Koma chachikulu n'chakuti musatseke msonkhano musanamufunse uja wakhala chete, ndipo mukamufunsa mudikireni, chifukwa mwina mawu amene nonse mukufuna ali ndi iyeyo.

Nthano yanga yathera pompa. Amene anakwirira mbatata m'phulusa akaifukule msanga, ine ndikumva fungo lopserera.